Mwana wobadwira ku Joni: unzika ali nawo, nanga umboni uli kuti?

 Amene mudzawerenge mawu awa pa tsamba lathu la Facebook, makamaka inu muli kunja, musadumphe, chifukwa nkhani ya lero ndi yanu kuposa ife takhala panofe.

Ndiyambe ndi funso. Amene muli ndi m'bale wanu ku Joni, takwezani mkono. Mwaonatu, pafupifupi tonse. Tsitsani. Tsopano amene m'bale wanuyo ali ndi mwana wobadwira komweko, kwezaninso. Chabwino. Funso lomaliza ili musakweze mkono, mungoyankha mumtima: mwana ameneyo ali ndi pepala lanji losonyeza kuti ndi wa dziko liti?

Ine funso limeneli linandigonjetsa chaka chatha, ndipo kunyumba kwathu tinalipira mtengo wowawa. N'chifukwa chake nditapatsidwa mwayi wosankha mutu wa lero sindinachedwe. Ine si loya ayi, ndangolemba Fomu 4 ngati ambiri a inu. Koma zimene ndikuuzeni ndinaziyendera ndi mapazi angawa, zina ndinaziwerenga m'malamulo enieniwo.

Achemwali anga anapita ku South Africa ine ndili Sitandade 7. Amagwira ntchito ya m'nyumba kufupi ndi Johannesburg. Kumeneko anakumana ndi alamu anga, Mmalawi mnzathu wa boma loyandikana nalo, amene amagulitsa mu shopu. Anabereka mwana wamkazi m'chipatala cha boma, ndipo pano ali ndi zaka 6. Ife tinkamudziwira pafoni basi. Lamlungu lililonse madzulo amayi ankakhala pakhonde, ine n'kuwagwirira foni, iye n'kumavina uko pa WhatsApp. Chizulu ndi Chingerezi amachita kuthyola, koma Chichewa chake chinali "muli bwanji agogo", akatero wamaliza. Amayi ankaseka mpaka misozi.

Mwanayu atabadwa, achemwali sanakamulembetse. Musawaweruze msanga. Paja Mmalawi akamalowa ku South Africa ndi pasipoti amapatsidwa masiku 30 okha, ndipo nthawi imeneyo masiku awo anali atatha kalekale. Anzawo anawauza kuti ukangoponda pa ofesi ya boma ndi pasipoti yotha masiku, ugona ku Lindela, kumene amasungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Ndiye anangotenga kabuku ka sikelo, kamene kumeneko amakatcha Road to Health, n'kumati zina tidzaona mwana akakula. Patapita zaka anakonza mapepala awo mothandizidwa ndi abwana awo, koma za mwana zinangokhala choncho. Mwana akudya, akukula, akuseka, ndani akanaganiza za pepala?

Mwezi wa June chaka chatha amayi anadwala kwambiri mpaka kugonekedwa. Ataona kuti thupi likukana, anapempha chinthu chimodzi chokha: "Muwauze abwere naye mwanayo ndidzamunyamuleko." Apa m'pamene tinadzidzimuka. Ulendo wa basi wochoka ku Johannesburg kufika kuno umadutsa malire atatu: pa Beitbridge kulowa Zimbabwe, pa Nyamapanda kulowa Mozambique, kenako kudutsa Tete mpaka pa Zobue ndi Mwanza. Paliponse pamenepo amafuna chiphaso cha munthu aliyense, ngakhale khanda. Mwana wathu analibe pasipoti, analibe satifiketi ya kubadwa, anali ndi kabuku ka sikelo kokha. Munthu wina wonyamula katundu anati ampatse ndalama zokwana malipiro a mwezi wathunthu, mwanayo adzamudutsitsa mwa njira zake. Alamu anakana. Anati mwana wanga wamkazi sangadutse m'tchire usiku ndi anthu osawadziwa. Ine nthawi imeneyo ndinawakwiyira, koma lero ndikuti ananena zoona.

Achemwali anabwera okha. Atalowa mu wodi, amayi anawayang'ana, kenako n'kuyang'ana kumbuyo kwawo, pakhomo paja. Anafunsa kuti, "Nanga mwana uja mwamusiya kuti?" Achemwali sanayankhe. Sabata yotsatira amayi anatisiya. Sindikunena kuti pepala likanawachiritsa ayi. Ndikungonena kuti chinthu chimodzi chimene anapempha tinalephera kuwapatsa, osati chifukwa cha ndalama ya basi, koma chifukwa cha pepala limene likanatengedwa mwana ali ndi mwezi umodzi.

Maliro atatha, akuluakulu atakhala pansi, anandiloza ine. Anati, "Iwe ndiwe malume wake, komanso sukulu wapitako, foni umaidziwa. Mwana ameneyu adziwike kuti ndi wakuno." Ndinachita mantha, koma ndinavomera. Ndiye zimene ndinapeza m'miyezi yotsatirayo ndi zimene ndikufuna ndikugawireni.

Choyamba, ndipo ichi muchigwire bwino: mwana ameneyu ndi Mmalawi kale. Sakuchita kupempha, sakuchita kugula. Lamulo la unzika la dziko lino, limene linakhazikitsidwa mu 1966, limati munthu wobadwira kunja ndi nzika ya Malawi kuyambira tsiku lobadwa ngati bambo ake kapena mayi ake ndi Mmalawi wobadwira kuno. Mwamva mawu akuti "kapena"? Sakuti onse awiri ayi, mmodzi akwana. Ndiye inu amene achemwali anu anabereka ndi Mzulu, Mshona kapena munthu wa ku Mozambique, musamve zoti mwana ndi wa kwa bambo basi. Mayi naye amapatsira mwana unzika. Komanso malamulo aakulu a dziko lino a 1994, gawo 23, amati mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina komanso dziko lake. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene Malawi ndi South Africa onse analivomereza, limanenanso kuti mwana azilembetsedwa akangobadwa.

Chachiwiri ndi bodza limene ambiri timalikhulupirira, ine ndemwe ndinali m'gulu lomwelo. Timati mwana akabadwira ku Joni ndiye kuti ndi wa ku Joni. Ayi ndithu. Zimenezo zimachitika ku America, kumene kubadwirako kokha kumakupatsa unzika. Ku South Africa mwana amakhala nzika pobadwa ngati kholo lake limodzi ndi nzika ya kumeneko. Makolo onse akakhala Amalawi, mwanayo si wa ku South Africa ngakhale atabadwira pakati penipeni pa Pretoria. Khomo lilipo limodzi: lamulo lawo limalola mwana wobadwira kumeneko kwa makolo achilendo, amene wakhala komweko kuyambira kubadwa mpaka zaka 18, kupempha unzika. Koma lamulo lomwelo limati kubadwa kwake kukhale kuti kunalembetsedwa. Mwaona? Ngakhale khomo limenelo kiyi wake ndi satifiketi yomwe ija.

Ndiye vuto la ana athuwa si kusowa dziko pa lamulo. Vuto ndi kusowa umboni. Ife kumudzi timadziwana ndi nkhope, timati uyu ndi mdzukulu wa auje, taonani mphumi. Koma wa pa boda sadziwa mphumi ya agogo ako. Iye amafuna pepala. Ndipo taganizirani mwanayu akafika zaka 16 kapena 18 alibe kalikonse. Ku Joni amuuza kuti ndiwe mlendo, pita kwanu. Akafika kuno, Chichewa chake chopotoka, mudzi sakuudziwa, mfumu sikumudziwa, amufunsa kuti tikudziwa bwanji kuti ndiwe wakuno? Inu nomwe mukudziwa mmene chiphaso cha unzika chagwirira moyo wathu chiyambire kalembera wamkulu wa 2017. Kulembetsa nambala ya foni, chiphaso. Kutsegula akaunti ku banki, chiphaso. Kuvota, chiphaso. Feteleza wotsika mtengo, chiphaso. Munthu wopanda pepala mbali zonse ziwiri amayenda, amapuma, koma m'mabuku a boma kulibe.

Tsono umboniwo umamangidwa bwanji? Ine ndimauona ngati unyolo wa mfundo zinayi. Imodzi ikaduka, zinazo sizigwira.

Mfundo yoyamba ili kuchipatala. Mayi akachira, asatuluke wopanda pepala lotsimikiza kuti mwana wabadwira pamenepo, tsiku lakuti, mayi ake ndi akuti. Pepala limeneli ndi losiyana ndi kabuku ka sikelo. Kabuku kaja n'kofunika, kasungeni, koma si satifiketi ya kubadwa. Achemwali anga pepala la chipatala lija analitaya posamuka nyumba, moti anayenera kubwerera kuchipatala kuja patatha zaka 5 kukapempha kuti awafufuzire m'mabuku akale. Anapitako maulendo atatu, tsiku lililonse kujomba kuntchito. Ndiye mukangolandira pepala lililonse, lijambuleni pafoni, mutumize kwa m'bale wanu kuno. Nyumba za lendi zimapsa, zikwama zimabedwa. Mukukumbuka 2008 ndi 2015, pamene anthu obwera ankathamangitsidwa ku South Africa, abale athu ena anabwera pa mabasi a boma ndi zovala za m'thupi zokha. Pothawa moto palibe amakumbuka envulopu.

Mfundo yachiwiri ndi kulembetsa mwana ku boma la dziko limene wabadwiralo. Ku South Africa ndi ku Home Affairs, ndipo lamulo limati zichitike pasanathe masiku 30 chibadwire. Zipatala zina zikuluzikulu zili ndi kaofesi kake momwemo. Mwana wa makolo achilendo amapatsidwa satifiketi yosonyeza dzina lake, tsiku, malo ndi mayina a makolo. Satifiketi imeneyi simupanga kukhala wa ku South Africa ayi, koma ndi imene imamangirira mwana kwa mayi ake ndi bambo ake pamaso pa lamulo. Masiku 30 akadutsa, khomo silitsekeka, koma limalimba. Amati kulembetsa mochedwa, ndipo pamafunika maumboni owonjezera ndi kufunsidwa mafunso. Achemwali anafunsidwa pepala la chipatala, kabuku ka sikelo, kalata ya kusukulu ya mwana ndi kalata yolumbira yofotokoza chifukwa chimene anachedwera. Chinthu cha tsiku limodzi chinasanduka cha miyezi.

Ndikudziwa chimene ena mukuganiza: nanga amene masiku awo anatha, akapite bwanji ku ofesi? Mantha amenewa ndi enieni, sindikuwapeputsa. Koma mudziwe izi. Malamulo aakulu a South Africa, gawo 28, amati mwana aliyense ali ndi ufulu wa dzina ndi dziko kuyambira pobadwa. Akuti mwana aliyense, osati wa nzika yekha. Mu 2018 khoti lalikulu la ku Grahamstown, kumene pano kumatchedwa Makhanda, linagamula kuti kusowa kwa mapepala a kholo kusatsekereze mwana kulembetsedwa. Mu 2019 khoti lomwelo linagamulanso kuti mwana asachotsedwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Zigamulo zimenezi sizitanthauza kuti aliyense wa pa kauntala akulandirani ndi manja awiri, koma zikutanthauza kuti lamulo lili mbali ya mwanayo. Ndipo kuli mabungwe amene amathandiza nkhani zoterezi, monga Lawyers for Human Rights ndi Scalabrini Centre ya ku Cape Town. Amene akuopa ayambire kumeneko kukafunsa nzeru. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, anzanga.

Mfundo yachitatu ndi umboni woti kholo ndi Mmalawi. Apa m'pamene ife tili kunofe timagwira ntchito. Satifiketi ya ku Joni ingonena kuti mayi a mwanayu ndi akuti. Tsono akutiwo ndi Mmalawi zoona? Pakufunika pasipoti ya kholo ndi chiphaso chake cha unzika chochokera ku National Registration Bureau. Alamu anga anachoka kuno kalembera wa 2017 asanachitike, ndiye chiphaso alibe, pasipoti yawonso inatha. Mwamwayi achemwali anali nazo zonse ziwiri, ndiye tinadzera mbali ya mayi, paja lamulo lija linati "kapena". Ine kuno ndinapita kwa amfumu kukatenga kalata yotsimikiza kuti achemwali ndi mwana wa m'mudzi muno, yotchula mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, kenako n'kukaidinditsa kwa DC. Inu amene abale anu ali kunja, afunseni ngati amadziwa dzina la mfumu yaikulu ya kwawo. Mudzadabwa. Ena anapita ali ana, amangodziwa dzina la pa sitolo pamene basi imaima.

Mfundo yachinayi ndi ofesi ya kazembe wa Malawi. Ku South Africa tili ndi ofesi yaikulu ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg. Ku Zimbabwe ili ku Harare, ku Mozambique ku Maputo, ku Zambia ku Lusaka, ku Britain ili ku London. Kumeneko ndiko kumene mapepala a mbali ziwiri aja amakumana: satifiketi ya mwana ndi ziphaso za kholo. Achemwali anadzaza mafomu, anapereka zithunzi za mwana ndi mafotokope, analipira, n'kulandira lisiti. Nkhani za unzika ndi mapasipoti mwini wake ndi nthambi ya boma ya Immigration and Citizenship Services, imene kuno ili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Mitengo ndi mafomu zimasintha, ndiye musadalire zimene mnzanu analipira zaka zitatu zapitazo. Imbani kapena pitani nokha mukafunse. Pasipoti ikatuluka, mwana uja wakhala ndi chinthu chogwirika m'manja chonena kuti Malawi akumuvomereza kuti ndi wake.

Tsopano ndikuchenjezeni pa zinthu ziwiri zimene zinatsala pang'ono kutigwetsa.

China ndi mayina. Zikuoneka zazing'ono koma zimaliza anthu. Achemwali kuchipatala kuja anatchula dzina la bambo la amuna awo, poti ndi mmene amadziwikira kumeneko, pamene pa pasipoti pali dzina la bambo athu. Wolembayo naye analemba mmene anamvera, chilembo chimodzi n'kusowa. Pamapepala panaoneka ngati azimayi awiri osiyana. Zinatengera kalata yolumbira, yodindidwa kupolisi, kuti avomereze kuti ndi munthu mmodzi. Ndiye uzani abale anu: dzina limene lili pa pasipoti ndi limene azitchula paliponse, ndipo asanachoke pa kauntala awerenge chilembo chimodzichimodzi. Enanso kunjaku amasintha mayina kuti apeze ntchito, amayendera dzina la Chizulu kapena chiphaso cha munthu wina. Dzina lobwereka limenelo likalowa pa pepala la mwana, mwamudula kwa makolo ake enieni.

China ndi njira zachidule. Ndili pa mzere tsiku lina, anandipeza mkulu wina wovala bwino, envulopu kukhwapa, n'kundinong'oneza kuti, "Mphwanga, ukuvutikiranji? Tingolemba kuti mwanayo anabadwira kumudzi konkuno, mawa lomweli satifiketi yatuluka." Madobadoba mukuwadziwa. Kunena zoona mtima unagunda, chifukwa ndinali nditatopa. Koma taganizani. Mwana akukhala ku Joni, sukulu ya ku Joni ikudziwa kuti anabadwira konko, chipatala chili ndi mbiri yake, ndiye pepala la kuno lizinena kuti anabadwira pansi pa mtengo wa mango kwa agogo ake? Tsiku lina mapepala awiriwo adzakumana pa tebulo limodzi, ndipo wovutika adzakhala mwanayo, dobadoba uja atadya kale ndalama. Komanso khomo lija la zaka 18 mwalitseka nokha. Ena amafika polembetsa mwana m'dzina la mnansi amene ndi nzika ya kumeneko kuti azilandira ndalama za ana. Mawa mnansiyo mukayambana naye, kapena akamwalira, pa lamulo mwana si wanu. Bodza la pa pepala silikalamba, limakula limodzi ndi mwana.

Wina anandifunsa sabata yatha kuti, nanga mwana amene bambo ake ndi a ku South Africa ndipo ali kale ndi mapepala a kumeneko, tikamutengera a Malawi sataya enawo? Kale lamulo lathu linali louma: mwana wa mayiko awiri akafika zaka 21 ankayenera kusankha dziko limodzi. Koma mu December 2018 Nyumba ya Malamulo inasintha lamuloli, moti pano Malawi amalola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri. Chofunika n'kufunsanso lamulo la dziko linalo, chifukwa dziko lililonse lili ndi zake. Ndiye mwana wotereyu musamumane mbali ya kuno poganiza kuti zakwana. Moyo umatembenuka. Ukwati umatha, ntchito imatha, munthu amafuna kubwerera kumudzi ndi ana ake.

Pali chinanso chimene chinandiopsa nditachiwerenga. Lamulo lija likunena za kholo limene ndi Mmalawi wobadwira kuno. Ndiye kuti mwana wa achemwali angayu, poti iye anabadwira kunja, akadzaberekeranso kunja, ana akewo sadzangoutenga unzika mophweka ngati mmene wautengera iye. M'badwo uliwonse chingwe chimanka chiwonda. Ngati mukuona ngati ndikukokomeza, tayang'anani ku Zimbabwe. Azigogo athu anapita kumeneko nthawi ya atsamunda kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ambiri osabwerako, aja timawatcha matchona. Ana awo ndi zidzukulu anabadwira konko, ziphaso zawo n'kulembedwa kuti ndi alendo. Mu 2001 Zimbabwe inasintha lamulo, n'kulamula kuti amene ali ndi mwayi wa unzika wa dziko lina aukane pa miyezi 6, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu ambirimbiri a magazi a kuno, amene Malawi sanamuonepo n'kamodzi komwe, anapezeka ali pakati, uku ayi, uko ayi. Zinayamba kusintha ndi malamulo aakulu atsopano a 2013, amene anavomereza obadwira m'dzikomo kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC kuti ndi nzika. Koma mpaka lero alipo amene akuvutika chifukwa agogo awo sanasiye pepala lililonse. Azigogo aja sankadziwa, ambiri sukulu sanapiteko. Ife tidzanamizira chiyani?

Mwina mukufuna kudziwa kuti zathu zinatha bwanji. Zinatenga miyezi 8 kuchokera tsiku limene ndinalozedwa chala lija. Ndalama zinapita zambiri, zambirinso zinathera pa mayendedwe ndi masiku ojomba kuntchito, osati pa mapepala enieniwo. Pa tchuthi chapitachi mwana uja anabwera ndi mayi ake, pa basi, pa mpando wake, pasipoti yake yadindidwa pa Mwanza ngati munthu wina aliyense. Alamu analemba kalata yolumbira yovomereza kuti mwana ayende ndi mayi ake, chifukwa mwana akamayenda ndi kholo limodzi pa boda amatha kuifunsa. Tinapita naye kumanda. Anaima pamenepo, anayang'ana mtanda, n'kunena Chichewa chake chija chimodzimodzi: "Muli bwanji agogo." Palibe anamuuza kuti atero. Tonse tinangoti zii.

Ndiye pempho langa kwa inu ndi ili, ndipo silifuna ndalama ya kalabu ngakhale tambala. Aliyense amene anakweza mkono kachiwiri kaja, usiku uno mukamacheza ndi m'bale wanu pa WhatsApp, musanayambe zopempha foni yatsopano ndi nsapato, mufunseni mafunso atatu. Mwanayo ali ndi satifiketi ya kubadwa? Dzina lanu pa satifiketiyo likufanana ndi la pa pasipoti yanu? Ku ofesi ya kazembe munapita naye? Akayankha kuti ayi, musakalipe, amenewo ndi akulu anu. Auzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, achemwali, za kuno ndikuyenderani ine, inu yambani za uko." Kalata ya amfumu tingathe kukatenga ife. Mafotokope tingasunge ife. Amene ali woyembekezera kunjako, muuzeni za masiku 30 aja mwana asanabadwe. A sekilitale, ndikupempha kuti pa msonkhano wa mwezi wa mawa tidzapatule mphindi khumi, aliyense adzanene zimene wayankhidwa, osatchula mayina, kuti tidziwe pofunika kuthandizana.

Ndipo tisanamizane, ena mwa ife tikhala pano chaka chino chokha. Ntchito kulibe, mapasipoti ena ali kale m'matumba, ndikudziwa. Sindikuletsani, mwina ine ndemwe ndidzakwera basi yomweyo. Koma mukadzafika uko, Mulungu n'kukupatsani mwana, mudzakumbukire Loweruka lino. Thewera ndi mkaka mudzagula, zimenezo simungaiwale chifukwa mwana adzalira. Pepala lokha ndi limene mwana salirira ali wakhanda, amadzalirira ali ndi zaka 18.

A tcheya, nthawi yanga ndadyako pang'ono, mundikhululukire. Amene ali ndi mafunso tionane tikatuluka, mafotokope a zimene tinagwiritsa ntchito ndabwera nawo, mayina ndafufuta.